Zida za khitchini yobwera m'makatoni, ndi funso la ku Nyachikadza

Khitchini yobwera m'makatoni ndi makabati amene amachekedwa ndi kubooledwa kale ku fakitale, kenaka n'kulongedzedwa ali matabwa okhaokha ogonekedwa pamodzi, kuti wogula akalumikize yekha kwawo. M'katoni imodzi mumapezeka matabwa awiri a m'mbali, lapansi, lakumbuyo lopyapyala ngati chikuto cha buku, chitseko, kajumbo ka masikuluwu ndi tizikhomo ta mtengo, ndiponso pepala la zithunzi limene kawirikawiri silikhala ndi mawu. Patsamba loyamba pamajambulidwa zida zofunika: sikuludilaiva, hamala, pensulo, mwina ndi levulo. N'zochepa, ndipo kuchepa kwakeko ndiko kumanamiza anthu. Zida zolumikizira kabati zimakwana m'thumba la buluku, koma zoikira kabatiyo m'nyumba kuti iime chilili, igwire khoma, ilandire sinki ndi mpopi, zimadzaza chikwama cha kalipentala. Chida chilichonse chili ndi chimene chimayembekezera kukachipeza m'nyumbamo. Levulo imayembekezera simenti yosalala, dirilo imayembekezera njerwa zootcha ndi magetsi, silikoni amayembekezera kuti madzi azichokera kumpopi kokha. Ku Namiwawa kapena ku Area 47 zimenezi zimapezeka osavutikira. Kwa Nyachikadza, m'dambo la Ndindi m'boma la Nsanje, pafupifupi zonsezi kulibe, ndipo kumeneko ndi kumene mndandanda wa zidawu umaulula zimene unabisa.

Nzeru yonyamula mipando ili yophwasula si ya lero. Mu 1859 Michael Thonet, mmisiri wobadwira ku Germany amene anakhazikika ku Vienna, anatulutsa mpando wotchedwa Nambala 14, wa zidutswa 6 za mtengo wopindidwa ndi nthunzi, masikuluwu 10 ndi manati 2. Mipando 36 yosalumikiza inkakwana m'bokosi la mita imodzi mbali zonse. Kampani ya IKEA, imene Ingvar Kamprad anayambitsa ku Sweden mu 1943, ndiyo inawanditsa njirayi padziko lonse, ndipo nkhani imene eni ake amakonda kusimba ndi ya wantchito wawo Gillis Lundgren, amene mu 1956 anachotsa miyendo ya tebulo kuti lilowe m'galimoto. Chimene onsewa ankathawa ndi kulipirira mpweya. Kabati yolumikiza kale ndi bokosi lopanda kanthu m'kati, koma mwini lole amalipiritsa malo onse amene latenga. Ikagonekedwa mtengo umatsika, ndipo ntchito yolumikiza, pamodzi ndi zida zake, imachoka kufakitale n'kugwera wogula. M'Malawi muno sitolo ya IKEA mulibe. Makabati otere amalowa kuchokera ku South Africa ndi ku China, pamene akalipentala a ku Ndirande ndi ku Mchesi amagula matabwa a fakitale athunthu n'kucheka okha, ndipo ena mwa anyamata amene anapita ku Joni anabwerako ndi luso limeneli, dirilo ya batire ili m'chikwama.

Katoni yopita kwa Nyachikadza imatsika mapiri kuchokera ku Blantyre, imawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, imadutsa Nchalo, Ngabu ndi Bangula mpaka pa boma la Nsanje, ulendo wa makilomita pafupifupi 180. Msewu ukatha pamatsala bwato. Poyamba zimaoneka ngati apa mpamene khitchini ya m'makatoni yapeza kwawo, chifukwa thabwa lathunthu la fakitale, lotalika mamilimita 2750 ndi 1830 m'lifupi, limalemera makilogalamu oposa 50 ndipo m'bwato losema silingakhazikike, pamene katoni yopapatiza imagona bwino pakati pa matumba a chimanga ndi njinga. Koma pansi pa bwato sipauma. Woolotsa amapalasa uku wina akukapa madzi ndi chigubu chodula, ndipo katoni ikangonyowa ngodya imodzi, thabwa la m'katimo layamba kale kufufuma lisanaone nyumba. Choncho chida choyamba chenicheni, chimene pepala la zithunzi lija silinajambule, ndi pulasitiki wokhuthala ndi chingwe cha mphira chomangira.

Ntchito ikayamba, zimatsogola ndi zida zoyezera: tepi ya mamita 5, pensulo, sikweya ndi levulo yaitali ndithu, yoposa mita imodzi, popeza yaifupi imanama ikagona pa kabati ziwiri. Miyeso ya khitchini zoterezi njofanana pafupifupi kulikonse. Kabati yapansi imatalika masentimita 72, miyendo yake 15, thabwa lapamwamba 3 kapena 4, ndipo zonse pamodzi zimafika cha pa 90. Kuchokera kukhoma kubwera kutsogolo ndi masentimita 60. Mmisiri wodziwa sayambira pakona pamene pamusangalatsa. Amayamba wafufuza pamene pansi pakwera kuposa ponse, n'kuyezera mzere wake kuchokera pamenepo kuzungulira chipinda, chifukwa mwendo wa pulasitiki umatheka kuupotokola kuti utalike, koma simenti yokwera siitheka kuitsitsa. Kumene levulo yaitali kulibe, kapaipi kowala kothiramo madzi kamagwira ntchito yomweyo, monga amachitira omanga nyumba: madzi a mbali ziwiri amaima pamlingo umodzi ngakhale chipinda chitalike bwanji. Ngodya ya makoma imayesedwa ndi tepi yomweyo. Mukayeza masentimita 60 pakhoma lina ndi 80 pa linzake, mtunda wa pakati pa zizindikiro ziwirizo uyenera kukhala 100. Ukapanda kutero, khomalo ndi lopotoka ndipo thabwa lapamwamba lidzafunika kupalidwa.

Pansi pa nyumba zambiri za m'dambo ndi dothi lozira. Levulo itha kuvomera mu Seputembala, dothi lili gwa, koma mvula ikagwa ndipo chinyezi chikakwera kuchokera pansi, mwendo uliwonse wa kabati umatitimira mwa wokha, wina kwambiri wina pang'ono, ndipo zitseko zimene zinali pamzere umodzi zimayamba kuyang'anana cham'mbali. Palinso nkhani ya masentimita 90 aja, imene njozama kuposa dothi. Muyeso umenewu umaganizira munthu wophika ataimirira. Khitchini yoyamba yotchuka ya makabati omangirira kukhoma inakonzedwa ku Frankfurt mu 1926 ndi Margarete Schütte-Lihotzky, amene anawerengera mayendedwe a mayi m'kachipinda kakang'ono kuti asamataye nthawi. Nsima ya banja la anthu asanu ndi atatu siivundulidwa chomwecho. Mphika umakhala pansi, wophika amawerama kapena kukhala pakampando, ndipo mphamvu yokankhira mthiko imachokera m'mapewa ndi m'chiuno. Mphika womwewo ukakwezedwa pa masentimita 90, dzanja lokha ndilo limatsala kulimbana ndi ufa. N'chifukwa chake ngakhale m'tauni, m'nyumba za makabati onyezimira, mbaula ya makala imakhalabe pakhonde la kuseri, ndipo nsima yeniyeni imaphikidwa pamenepo.

Zida zolumikizira ndizo zopepuka. Sikuludilaiva ya mtanda ilipo mitundu iwiri yofanana kwambiri, Phillips ndi Pozidriv, ndipo makabati ochokera ku Ulaya amakonda yachiwiriyo, imene mutu wa sikuluwu yake uli ndi timizere tina tinayi pakati pa mtandawo. Wosokoneza ziwirizi amaona chida chikuterereka, mutu wa sikuluwu ukudyeka, mpaka yosalowa yosatuluka. Kachitsulo kopindika ka mbali 6, kotchedwa Allen potengera William G. Allen wa ku Hartford ku America amene analembetsa njira yopangira masikuluwu ake mu 1910, kawirikawiri kamabwera m'kajumbo momwemo. Tizikhomo ta mtengo, ta mamilimita 8, timakhomedwa ndi hamala ya labala, kapena hamala wamba koma poika kathabwa pakati. Palinso tizitsulo tozungulira tolowa m'bowo la mamilimita 15, timene tikapotokoledwa theka lokha timakoka thabwa linzake n'kuligwira. Theka lokhalo ndilo lamulo. Munthu wozolowera mlombwa amafuna kumanga mpaka dzanja limve kuti zafika, koma thabwa la fakitale ndi utuchi ndi tizipalapala tophatikizidwa ndi guluu, ndipo likapanikizidwa limanyenyeka ngati chigumu chouma. Thabwa lopyapyala lakumbuyo, limene ambiri amalipeputsa, ndilo limaumitsa kabati yonse. Lisanakhomedwe, tepi iyeze kuchokera ngodya ina kufika yopingasana nayo, mbali zonse ziwiri. Miyeso ikafanana kabati yawongoka, ndipo misomali ing'onoing'ono ikhoza kulowa.

M'kati mwa kabati mumaoneka mizere ya timabowo ta mamilimita 5, totalikirana mamilimita 32. Muyeso umenewu ndi umene unachititsa kuti hinjesi ya kampani ina ikwane pa kabati ya kampani ina, ndipo mahinjesi obisika, olowa m'bowo la mamilimita 35 kuseri kwa chitseko, amakhala ndi masikuluwu osunthira chitsekocho m'mwamba, cham'mbali ndi m'kati. Ndi luso losiririka, ndipo munthu woleza mtima atha kulinganiza zitseko khumi ndi sikuludilaiva imodzi. Komabe pali chinthu chimodzi chimene dzina loti khitchini yophwasula limaphimba. Imakhala yophwasula kamodzi kokha, paulendo wochokera kufakitale. Sikuluwu ikalowa mu utuchi imadzisemera njira, ikatuluka imatuluka ndi utuchiwo, ndipo ikabwerera kachiwiri kapena kachitatu imangozungulira osagwira. Tizikhomo tikapakidwa guluu ndiye basi. Khitchini imene inabadwira kuti inyamulike ikangoima imasanduka katundu wosasunthika kuposa kabati ya matabwa imene agogo anagula kwa kalipentala wa pa Bangula.

Dirilo ndiyo imalekanitsa wolumikiza ndi woika. Ya batire, ya mavoti 18, imakwanira kuboola matabwa ndi kumanga masikuluwu. Khoma la njerwa limafuna yogogoda ndi nsonga yake ya mamilimita 6 kapena 8. M'bowomo mumalowa pulagi ya pulasitiki, imene Artur Fischer wa ku Germany anatulukira mu 1958, ndipo sikuluwu ikalowa pulagiyo imatambasuka n'kuluma njerwa. Kabati ya m'mwamba yodzaza mbale zadothi ndi matumba a shuga imalendewera pa timapulagi tiwiri kapena tinayi totere. Poikweza pamafunika anthu awiri ndi thabwa lokhomeratu kukhoma pamzere wa levulo kuti itsamirepo, ndipo makabati oyandikana amayamba agwiridwa ndi kalampu nkhope zawo zitalingana, kenaka n'kumangidwa pamodzi. Zonsezi zimadalira khoma loti likhoza kulumidwa. Njerwa yootcha bwino imagwira, yootcha mwa theka imafumbutuka, chidina chosaotcha chimalavula pulagi pamodzi ndi dothi lake, ndipo khoma la mitengo ndi bango lomata matope lilibe n'pomwe poti nsonga ya dirilo iime. Pa khoma lotere mmisiri amayenera kuzika nsichi zake ziwiri, kupingasa thabwa, n'kupachika kabati pamenepo, kutanthauza kuti wamangira kabatiyo kanyumba kake m'kati mwa nyumba. Za magetsi nazo n'chimodzimodzi. M'midzi ya m'dambo imene mulibe mawaya a ESCOM, kasola kamene kamatchaja foni sikangadzaze batire ya dirilo popanda inivetala, ndipo dirilo yakale yopukusa ndi dzanja, imene akalipentala a m'tauni anaipachika, imabwereranso paulemu wake.

Thabwa lapamwamba ndilo lodula ndalama zambiri ndiponso losakhululuka. Bowo la sinki limajambulidwa pogadabuza sinkiyo, mzere n'kuubweza m'kati pang'ono kuti mlomo wa sinki upeze pokhala. M'ngodya zinayi mumabooledwa, ndipo jigisowo imayenda kuchokera bowo lina kufika linzake. Mano a jigisowo amadula pokwera, choncho wofuna kuti khungu losalala lisatekeseke amachekera kunsi kwa thabwa kapena kumata tepi ya pepala pamzere. Sowo yamanja ya mano ang'onoang'ono imathanso, koma thukuta lake ndi la tsiku lonse, makamaka mu Okutobala wa ku Chigwa pamene kutentha kumapyola madigiri 40. Pomaliza pamabwera mfuti ya silikoni. Paliponse pamene sowo yadutsa, utuchi uli pamtunda, ndipo pamayenera kumatidwa mosasiya mpata, chifukwa thabwa limeneli likamwa madzi limatupa ngati buledi wogwera m'tiyi, ndipo likauma silibwerera.

Madzi amene silikoni ndi miyendo ya masentimita 15 ija amatchinga ndi a mpopi wodontha ndi a chikolopa. Madzi a kwa Nyachikadza ndi ena. Shire, atalandira Ruo pa Chiromo, amafika m'dambo la Ndindi atasenza mvula ya ku Mulanje ndi Thyolo, ndipo derali lili kumunsi kwenikweni kwa dziko, kufupi ndi pamene Malawi amatsika mpaka mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yamchere. Mu Januwale 2015 madzi anamiza midzi yambiri ya m'chigwa. Mu Malichi 2019 inabwera mvula ya namondwe wa Idai, mu Januwale 2022 Ana, mu Malichi 2023 Freddy. Madzi saiwala khwawa, ndipo anthu akumeneko amadziwa zimenezi kuposa aliyense wowachenjeza. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma lakhala likuwauza kuti asamukire kumtunda, koma ambiri amakana kapena amabwerera madzi akaphwa, popeza madzi omwewo amasiya nthaka imene imabereka chimanga, mbatata ndi nyemba m'chilimwe, pamene kumtunda kwa Nsanje kuli fumbi lokhalokha. Munthu wokhala m'dera lotere sayesa katundu wake ndi kukongola kokha. Amafunsa ngati angakwere pansanja, ngati angalowe m'bwato usiku, ndiponso ngati atanyowa angaumenso.

Pa mayeso amenewa khitchini imene imapambana ndi imene ilipo kale kumeneko, ndipo mwina ndi iyo yoyenera dzina la khitchini yophwasula. Mafuwa ndi atatu, ndipo poti m'dambo miyala njosowa, njerwa kapena zibuma zadothi zimalowa m'malo. Atatuwo sagwedera pa dothi lililonse, chinthu chimene miyendo inayi ya kabati imachipeza pokhapokha levulo itavomera. Thandala loyanikapo mbale ndi mphanda zinayi zozika pansi, mitengo iwiri yopingasa ndi bango loyala pamwamba. Nsanja yosungirapo ufa ndi mbewu imamangidwa chimodzimodzi, koma yokwera kufika pamene eni ake akukumbukira kuti madzi analekeza. Zida zake ndi chikwanje, nkhwangwa, kasemasema, mpeni, ndi khasu kapena chitsulo chokumbira maenje. M'malo mwa sikuluwu pali mlaza, luzi kapena linya wa m'matayala, ndipo mfundo imamasulidwa n'kumangidwanso kambirimbiri mtengo osawonongeka. Wofuna kuona ngati thandala lapendekera amaikapo beseni la madzi n'kuyang'ana m'mphepete, amene ndi maganizo omwe aja a kapaipi kowala. Madzi akayamba kukwera, mapoto amalowetsana waung'ono mwa waukulu, mthiko, chipande ndi zikho zimalowa m'ndowa, lichero limavundikira pamwamba, ndipo khitchini yonse imasenzedwa pamutu ulendo umodzi. Zotsala ndi mitengo ndi bango, zimene dambo limaperekanso.

Izi siziyenera kukometsedwa mopitirira. Utsi wa pamafuwa umawononga maso ndi chifuwa cha amayi ndi ana amene amakhala pamoto, nkhuni m'dambo n'zosowa kotero kuti mapesi ndi zitsononkho ndizo zimapsa, ndipo makoswe, mphemvu ndi nkhuku zimafika paliponse pamene chitseko chikanazitsekereza. Mayi amene amalakalaka kabati yotseka sakutengeka ndi za m'tauni chabe. Akufuna kuti shuga agone osalowa nyerere ndi kuti mbale za alendo zisachite fumbi. Mbaula yadothi ya Chitetezo inalandiridwa m'midzi yambiri chifukwa imachepetsa nkhuni koma imanyamulikabe. Kabati nayo ikhoza kuganiziridwa motero, ndipo apa mndandanda wa zida umasinthanso.

Kalipentala wa ku Nsanje wopatsidwa ntchito yotere amasiya utuchi wophatikiza n'kutenga matabwa enieni, paini kapena bulugamu, mlombwa ngati mwini ntchito ali nazo ndalama, kapenanso pulayiwudi ngati amene amapangidwa ndi Raiply ku Chikangawa, amene amapirira chinyezi kuposa utuchi ngakhale naye sakonda kumira. Zida zake ndi sowo, puleni, tchizulo, sikweya, dirilo yamanja ndi sipanala. Polumikiza, mabawuti odutsa mbali zonse ndi mawashala ake amaposa masikuluwu, chifukwa bawuti imagwira nati, siidalira thabwa, ndipo ikhoza kumasulidwa chaka ndi chaka. Kabatiyo imakhala yoima payokha, yosamangirira kukhoma, yaing'ono moti anthu awiri aikweze pansanja, ndipo miyendo yake imakhala pa njerwa kapena m'tizitini ta oyilo wakutha kuti chiswe chisakwere. Kumtunda, m'nyumba za njerwa zootcha za pa boma kapena ku Tengani, ambiri amasankha njira ina: womanga amaumba tebulo la konkire pa timakoma ta njerwa, sinki n'kulowa momwemo, ndipo kalipentala amangoika mafelemu ndi zitseko kutsogolo. Pamenepo zida zotsogola ndi chipande cha womanga ndi levulo, ndipo madzi akalowa m'nyumba chowonongeka ndi zitseko zokha. Wowotcherera naye amapanga felemu yachitsulo yoyalapo matabwa, imene imafuna penti kawirikawiri chifukwa cha dzimbiri.

Dzimbiri lomwelo ndilo mdani wa zida zonse m'chigwa. Sowo ndi tchizulo zimapakidwa oyilo ntchito ikatha, tepi imapukutidwa isanabwerere m'chikombole chake, ndipo batire ya dirilo siisiyidwa pansi pa malata masana. Masikuluwu otsala amasungidwa m'botolo lotseka pamodzi ndi pepala la zithunzi lija. Kachitsulo ka Allen, kamene kamasowa msanga kuposa zida zonse, amisiri ena amakamangirira ndi kachingwe kuseri kwa chitseko cha kabati, kuti tsiku limene hinjesi idzakhwefuke kadzapezeke pomwepo.